Lamulungu Lopanda Wansembe M'tchalitchi Cha Kumudzi

Phunziro la magulu a amayi m'maparishi ndi m'nthambi zonse.
Tiwerenge: Machitidwe 16:11-15 ndi 40, Nehemiya 8:1-8, Luka 10:38-42.

Phunziro la ulendo uno ndalilemba poganizira makamaka inu amene mumapemphera m'matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi, kumene Abambo wansembe amafikako kamodzi pa mwezi, mwinanso kamodzi pa miyezi iwiri mvula ikakula. Koma nanunso a m'tauni musalilumphe ayi. Ambirife tili ndi kwathu, ndipo kwathuko ndi kumene kuli katchalitchi kamene tinabatizidwiramo.

Chaka chatha, nthawi yokolola, ine ndi amayi awiri a gulu lathu tinapita kukayendera nthambi ina ya m'mbali mwa nyanja. Tinatsika minibasi pa msewu wa tala nkukwera kabaza, ndipo chakumapeto tinayenda pansi chifukwa mchenga unakula. Tchalitchi chake ndi cha zidina, mbali ina malata, mbali ina udzu. Belu lake ndi limu la galimoto lopachikidwa pa mtengo wa mango. Mipando ndi timakoma ta dothi, tozira bwino lomwe. Tinapezamo amayi 7, ana oposa 10, ndi bambo mmodzi wachikulire amene amatsogolera mapemphero. Bamboyo atationa tili mu yunifolomu anagwa manyazi, natilandira ndi mawu awa: "Pepani amayi, mwangovutika. Lero kulibe kanthu, Abambo sabwera."

Mapemphero anachitika, ndipo anali abwino. Titaweruka ndinafunsa kuti tsiku la Misa amakhalapo angati. Anandiyankha kuti tchalitchi chimadzaza mpaka ena amakhala panja pansi pa mango. Nanga masabata enawa anthu onsewo amakhala kuti? Ena kudimba, ena kumsika, ena kuyanika usipa. Achinyamata ambiri amapita ku mpingo wina wapafupi umene uli ndi zokuzira mawu, ndiponso m'busa wake amagona m'mudzi momwemo. Mayi wina anandinong'oneza kuti ana ake aakazi awiri anayamba kupita kumeneko masabata opanda Misa okha, koma lero anakhazikika konko ndipo sabweranso ngakhale Abambo abwere.

Mawu aja oti "lero kulibe kanthu" sanandichoke m'mutu. Bambo uja sanawayambe yekha. Tinawaphunzitsa ndife, ndi mapazi athu, posabwera.

Amayi a kumtsinje

Titsegule Machitidwe 16. Filipi unali mzinda wa Aroma m'dziko la Makedoniya, dera limene lero lili kumpoto kwa Greece. Chizolowezi cha Paulo akafika pa mzinda chinali kuyamba ndi sunagoge. Ku Filipi sitikumva za sunagoge. Pa tsiku la Sabata iye ndi anzake anatuluka kunja kwa chipata napita m'mbali mwa mtsinje, kumene ankaganiza kuti anthu amapemphererako. Anapezako amayi atasonkhana. Mmodzi mwa iwo anali Lidiya wa ku Tiyatira, wogulitsa nsalu zofiirira za mtengo wapatali.

Chimene ndikufuna tione ndi ichi: amayi aja sankadziwa kuti kubwera mtumwi. Palibe anawatumizira uthenga kuti akonze, kukubwera alendo. Anapita kumtsinje chifukwa linali tsiku lopemphera, monga ankachitira masabata ena onse amene Baibulo silinawalembe. Analibe nyumba yopempherera, analibe wowaphunzitsa wodziwika. Akanati lero kulibe kanthu nkukhala kunyumba, Paulo akanapeza mtsinje wokhawokha nkubwerera.

Kenaka muwerenge ndime 40. Paulo ndi Sila atatuluka m'ndende anapita kunyumba kwa Lidiya, naonana ndi abale, nawalimbikitsa, nkuchoka. Paulo anakhala ku Filipi masiku ochepa chabe. Mpingo unatsala m'nyumba ya mayi wamalonda uja, ndipo unakula popanda mtumwi woukhalira pafupi. Ndi mpingo womwewu umene pambuyo pake unkatumiza thandizo kwa Paulo pamene mipingo ina sinkatero, monga akunenera yekha pa Afilipi 4:15-16. M'makalata ena timvanso za mpingo wa m'nyumba ya Priska ndi Akwila, ndi wa m'nyumba ya Numfa. Yonseyi inali mipingo yokwana m'chipinda chimodzi, ngati nthambi zathuzi.

Ngakhale Ambuye wathu anakulira m'sunagoge wa kumudzi. Nazarete sunali mzinda woti nkuutchula, mpaka Natanaeli anaunyoza. Koma Luka 4:16 akutiuza kuti kulowa m'sunagoge pa Sabata chinali chizolowezi chake. Ansembe ndi nsembe zinali kutali ku Yerusalemu. Ku Nazarete kunali kuwerenga Malembo ndi kupemphera basi, ndipo Mwana wa Mulungu sanaone kuti kumeneko kulibe kanthu.

Ndi mmene mpingo wathu unakulira

Ena amaganiza kuti kusowa kwa ansembe ndi vuto la masiku ano, ngati kuti kale mudzi uliwonse unali ndi wansembe wake. Si choncho. Mpingo wathu unalowa m'dziko muno mu 1861, pamene Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a UMCA anamanga ku Magomero. Ntchito ija sinakhalitse, bishopuyo anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862. Pamene mishoni inabweranso kudzera kunyanja nkukhazikika pa Likoma mu 1885, ansembe anali owerengeka pomwe midzi inali mbwee m'gombe lonse. Bambo William Percival Johnson ankayendera midziyo pa sitima yotchedwa Charles Janson, ndipo kuyambira mu 1901 pa Chauncy Maples. Sitima ikakocheza pa mudzi, wansembe ankayesa ophunzira, kumva kulapa, kubatiza, kuchita Misa, nkupitirira ku mudzi wina.

Sitima ikapita, ankatsala ndani? Ankatsala mphunzitsi wa m'mudzi ndi mkazi wake. Ambiri mwa aphunzitsiwo anasulidwa ku St Michael's College, imene inayambira ku Kobwe, tsidya la ku Mozambique. Mphunzitsi ankaitana anthu ku mapemphero m'mawa ndi madzulo, m'kanyumba ka bango komwe masana kankasanduka sukulu. Agogo anga ankasimba mmene munthu ankayambira ngati womvera chabe, kenaka nkulandira mtanda, nkuphunzira nthawi yaitali asanabatizidwe. Zaka zonsezo sankalandira Mgonero, ndipo pofika pakati pa Misa ankatulutsidwa panja. Chimene chinawasunga chinali mapemphero a mphunzitsi aja. Anthu ngati Bambo Leonard Kamungu wa ku Chia, amene anadzozedwa unsembe mu 1909 nakamwalirira ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913, anachokera m'midzi yotereyi. Ndipo pamene ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha St Peter pa Likoma inayamba mu 1903, Akhristu oti adzapempheremo anali atabadwira kale m'timatchalitchi ta bango.

Lero tili ndi madayosizi anayi, ndipo ansembe ndi ana a kwathu konkuno. Komabe tiwerengere bwino. Parishi imene ndinakulira ili ndi nthambi 8, wansembe mmodzi, njinga yamoto imodzi. Mwezi uli ndi masabata 4, nthawi zina 5. Ngakhale Abambo atachita Misa ziwiri Lamulungu lililonse, osadwala, osaitanidwa ku maliro, mtsinje osadzaza, nthambi iliyonse iwaona kamodzi pa mwezi. Masabata atatu mwa anayi ndi athu. Tikawataya, tataya gawo lalikulu la chaka cha mpingo.

Sikelo ndi phala

Ndili namwino tinkayenda ndi galimoto ya chipatala m'midzi kukachititsa sikelo ya ana osapitirira zaka 5, kamodzi pa mwezi. Katemera tinkabwera naye ife m'bokosi loziziritsa, ndipo palibe mayi akanatha kumupanga kunyumba. Koma mwana sanenepa ndi katemera. Amanenepa ndi bere, ndi phala losakaniza nsinjiro, ndi kugona m'neti, masiku 29 amene ife kulibe. Mayi amene ankangodalira tsiku la sikelo tinkamudziwa pa khadi la mwana wake, mzere wa kulemera unkangotsika mwezi ndi mwezi.

Musandimve molakwa, sindikuti Thupi ndi Magazi a Ambuye ndi katemera. Misa ndiyo pachimake pa chipembedzo chathu, ndipo ndi bwino kuilakalaka. Ndikungoti pali chimene chimabwera ndi Abambo, palinso chimene Mulungu anachisiya m'manja mwathu, ndipo china sichilowa m'malo mwa chinzake.

Tisiyanitse bwino, chifukwa apa ena amasokoneza. Wotsogolera mapemphero amene sanadzozedwe sapatula mkate ndi vinyo, salengeza chikhululukiro cha machimo monga achitira wansembe, ndiponso sapereka mdalitso wa wansembe. Zitatu zimenezi tidikira Abambo. Koma taonani zimene zatsala. Timalapa machimo athu pamodzi ndi kupempha Mulungu atikhululukire. Timanena Masalimo. Timamva mawu a m'Chipangano Chakale ndi Chatsopano. Timavomereza chikhulupiriro chathu. Timanena Pemphero la Ambuye ndi pemphero la tsikulo. Timapempherera odwala, ofedwa, dziko, mvula, a bishopu athu. Katekisiti kapena mlaliki wovomerezedwa ndi a bishopu amalalikira. Timaimba, timapereka. Kodi zonsezi ndiye "kulibe kanthu"?

Mapemphero a M'mawa si chinthu chongoikapo kuti nthawi ipite. Mu 1549, pamene Akibishopu Thomas Cranmer anakonza buku loyamba la mapemphero a mpingo wathu m'Chingerezi, anatenga mapemphero ambiri amene amonke ankachita usana ndi usiku nawafupikitsa kukhala awiri, a m'mawa ndi a madzulo, kuti anthu wamba awathe m'chiyankhulo chawo. Kwa zaka mazana, m'midzi yambiri ya ku England Mgonero unkachitika kangapo kokha pa chaka, ndipo Lamulungu lambiri anthu ankakhalira mapemphero omwewa. Mary Sumner, amene anayambitsa Mothers' Union mu 1876, anayambira m'parishi ya kumudzi ya Old Alresford, ndi amayi okwana m'chipinda chimodzi cha nyumba ya abusa.

Chinanso chimene chimandilimbitsa mtima ndi chakuti mawu amene bambo uja anawerenga pansi pa denga lake lodontha anali omwewo amene ankawerengedwa tsiku limenelo m'matchalitchi akuluakulu a m'tauni, pakuti kalendala yathu ndi imodzi. Amayi 7 aja sanali okha.

Mawu amveke

Pa Nehemiya 8 tikuona Ezara akuwerenga buku la Chilamulo pabwalo, pamaso pa amuna, akazi, ndi ana amene akanatha kumva. Ndime 8 ikuti owerengawo ankawerenga momveka bwino ndi kutanthauzira kuti anthu amvetse. Apa ndi pamene nthambi zathu zambiri zimagwera, ndipo ndi pamene ife amayi tingathandize osafuna ndalama.

Kawirikawiri wowerenga amapatsidwa Baibulo pakhomo la tchalitchi belu litalira kale. Amafika pa maina ovuta a m'Chipangano Chakale nkuyamba kudodoma, ana nkumaseka, ndipo palibe wamva kanthu. Chonsecho Lachinayi kapena tsiku lina lililonse limene gulu lanu limakumana, mukhoza kutsegula mawu a Lamulungu likudzalo, kuwawerenga mokweza kawiri, ndi kusankhiratu wowerenga. Mtsikana wa Sitandade 7 amene mwamukonzekeretsa amawerenga bwino kuposa mkulu amene mwamudzidzimutsa. Ndipo mtsikana amene ali ndi mawu oti awerenge Lamulungu sapita ku mpingo wa zokuzira mawu uja. Ngati muli ndi Buku Lopatulika lokha ndipo Chichewa chake chikuvuta ana, bwerekani Buku Loyera, lomwe linatuluka mu 1998, muyerekeze.

Pano ndiike mawu a unamwino. Bambo wa ku nthambi ija ndinaona akulitalikitsa buku ndi dzanja, akutsinzinira, nkumalumpha mizere. Anthu ankati wayamba kuiwala kuwerenga. Si kuiwala ayi. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kukana zilembo zapafupi, ndipo magalasi owerengera amathetsa vutoli. Titabwerera tinasonkha nkumuperekeza kuchipatala kukayezetsa maso. Akatekisiti angati m'dayosizi muno amene tikuwanena kuti atopa, pomwe angosowa magalasi?

Za nyimbo sindinena zambiri, pakuti amayi a kumudzi amatiposa ife a m'tauni. Chokhacho, sankhanitu nyimbo zogwirizana ndi mawu a tsikulo ndi nyengo yake, ndipo wina ayambitse molimba mtima. Tisaimbe ya Khirisimasi m'Lenti chifukwa ndi yokhayo yabwera m'mutu. Nthawi isungidwenso. Belu likalira 8 koloko, yambani 8 koloko ngakhale muli anayi. Anthu akadziwa kuti mumadikira, amadikiritsa.

Nyumbayo

Tchalitchi cha dothi sichichititsa manyazi. Chochititsa manyazi ndi tchalitchi chosasesa. Nsalu ya paguwa ichapidwe, isitidwe, ndipo mukatha mapemphero ipindidwe. Musaisiye paguwa sabata yonse pamene padenga pali mileme. Mabuku muwasunge m'ndowa ya chivundikiro kapena m'kathiranki ka chitsulo, chifukwa chiswe sichidziwa kuti ili ndi Baibulo. Ngati mungathe, sokani tinsalu tinayi ta nyengo za mpingo, ya pepo ya Adiventi ndi Lenti, yoyera ya Khirisimasi ndi Pasaka, yofiira ya Pentekoste, ndi yobiriwira ya masabata otsalawo. Mamita awiri a nsalu amaphunzitsa ana kalendala ya mpingo kuposa ulaliki.

Mazenera atsegulidwe, makamaka pamene wina ali ndi chifuwa chosatha, ndipo mumulimbikitse mwachikondi kukayezetsa makhololo. Chimbudzi chikhalepo, cha chivundikiro, ndi mpondagiya wa madzi ndi sopo kapena phulusa. Sitinaiwale kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja inavuta kwambiri. Pamalo pamene anthu amasonkhana, kugwirana chanza ndi kudyera pamodzi, chimbudzi ndi gawo la tchalitchi.

Tsiku limene Abambo abwera

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa. Tsiku la Misa ku nthambi zonse zimaunjikana: maubatizo, kulapa, kulengeza maukwati, milandu, msonkhano wa zopereka. Ndipo ife amayi timakhala kuti? Kuseri kwa tchalitchi, pa mafuwa, kusosola nkhuku ya Abambo. Misa imodzi yokha pa mwezi, kapena pa miyezi iwiri, amayi amene anasunga tchalitchi masabata onse aja ndi amene amaiphonya. Timangothamangira mkati nthawi yolandira, manja akununkha utsi, osamva Uthenga Wabwino, osalapa, nkubwereranso ku mphika.

Werenganinso Luka 10:38-42. Marita sanalakwe polandira mlendo, ndipo Ambuye sananyoze chakudya chake. Anamudzudzula chifukwa chotanganidwa ndi zambiri mpaka kusiya chimene mlendoyo anabweretsa. Kulandira alendo ndi ulemu wathu, sindikuti tisiye. Koma ndiwo zikhoza kuphikidwa mmamawa belu lisanalire, nsima nkuphika titaweruka. Abambo sangafe ndi njala chifukwa chodikira mphindi 30. Ngati pafunika wina woyang'anira moto, musinthane, asakhale mayi yemweyo chaka chonse. Ansembe amene ndayankhulapo nawo za nkhaniyi palibe ananena kuti akufuna nkhuku kuposa kutiona m'tchalitchi.

Ndikuuzani cholakwa changa. Zaka zapitazo, nditangopuma ntchito, ndinakhala miyezi ingapo kumudzi kwathu. Kunali agogo ena amene anatiphunzitsa ambirife katekisimu. Miyendo inali itafooka, sankatuluka m'nyumba, ndipo nthawi iliyonse ndikapita kukawatsuka zilonda ankandifunsa kuti Abambo abwera liti. Tsiku linafika. Ine ndinali mkulu wa kukhitchini. Misa inachedwa kuyamba chifukwa Abambo anayambira ku nthambi ina, maubatizo anali ambiri, kenaka chakudya, kenaka msonkhano. Mitambo itayamba kuda Abambo analiza njinga kuti awoloke mtsinje usanadzaze. Ndinakumbukira agogo aja ndikutsuka mbale. Nyumba yawo inali pamtunda wosakwana mphindi 10. Madzulo ndinapita, ndinawapeza atasamba, atavala nsalu yawo yabwino, atayala kansalu koyera pa kampando pafupi ndi mphasa. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, mwina ulendo winawo." Anamwalira patatha milungu itatu, Abambo asanabwerenso.

Abambo sanalakwe, pakuti palibe anawauza. Woti awauze ndinali ine. Ndimadziwa kuti chifundo cha Mulungu sichinawaphonye agogo aja chifukwa cha kuiwala kwanga, koma chimene anachipempha kwa mpingo wawo, mpingo sunawapatse.

Akulu anati mlendo ndi mame. Wansembe ku nthambi ali ndi maola ochepa, ndipo sangadziwe za m'nyumba zathu ngati sitimuuza. Choncho masabata atatu aja ndi nthawi yokonzera tsiku lachinayi. Gulu lililonse likhale ndi kope. Lembanimo odwala ndi okalamba amene sangathe kufika, ana oyembekeza ubatizo ndi owaimira awo, ofuna kulapa, ndi mabanja amene ali pa mavuto. Masiku ano pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi foni, tumizani mainawo kwa Abambo Lachisanu kuti abwere atakonzeka. Akangofika, mayi mmodzi awapatse kopelo m'manja, ndipo kwa odwala apite asanadye.

Kunena za kudya, pali mwambo wathu wakale wosadya kanthu tisanalandire Mgonero. Ndi mwambo wabwino ndipo ine ndinakulira momwemo. Koma unakhazikika pamene Misa inkachitika mmamawa. Ku nthambi Misa imatha kuyamba 12 koloko kapena kupitirira. Ndaonapo amayi oyembekezera ndi okalamba akugwa m'tchalitchi, anthu nkumati ndi mizimu, pomwe ndi njala. Amene muli ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amene mumamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, oyembekezera ndi oyamwitsa, musadumphitse mankhwala ndipo musakhale ndi njala. Ngati mtima ukukutsutsani, kambiranani ndi Abambo, adzakumasulani.

Chinanso chimene amayi ambiri sadziwa ndi ubatizo wa pangozi. Mwana wosabatizidwa akadwala mwakayakaya, wansembe kulibe, ndipo makolo akufuna, Mkhristu aliyense wobatizidwa akhoza kumubatiza. Mutchule dzina lake, mumuthire madzi oyera pamutu, mukunena kuti mukumubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera. Ine ndinachitapo kangapo usiku m'chipinda cha amayi oyembekezera. Kenaka mudziwitse Abambo kuti alembe m'kaundula. Mwanayo akachira sabatizidwanso, amangolandiridwa m'tchalitchi. Koma chonde, ubatizo usachedwetse ulendo wa kuchipatala. Batizani njinga ili kale pakhomo.

Kwa ife a m'tauni

Ife timapita kumudzi pa Khirisimasi, pa maliro ndi pa kuika miyala pamanda. Timafika mochedwa, nsapato zikugogoda, nkulunjika kutsogolo, ndipo wina amanyamulidwa pa mpando kuti ife tikhale. Yakobo 2:1-4 analembera ife. Tikatuluka timayamba kuyerekeza: kwathu kwaya imaimba chonchi, kwathu mapemphero satalika chonchi. Mawu otere amamveka, ndipo ndi amene amabala "pepani, lero kulibe kanthu."

Tikafuna kuthandiza, tiyambe tafunsa. Gulu lina linatumiza ku nthambi wotchi yaikulu ya pakhoma yofuna mabatire, pomwe katekisiti ankayenda pansi makilomita 6 chifukwa njinga yake inalibe matayala. Mwina chosowa ndi Baibulo la zilembo zikuluzikulu, mabuku a mapemphero asanu, malata atatu, kapena thumba la simenti la pachimbudzi. Kumadera a kumwera kumene namondwe Freddy anagwetsa nyumba mu Malichi 2023, makoma a dothi sanalimbe, ndipo pomanganso ndi pofunika kufunsa eni ake za malo okwera ndi maziko olimba tisanagule utoto. Ndiponso tikapita kukayendera, nthawi zina tisankhe dala Lamulungu lopanda Misa. Tikamangopita tsiku la Abambo, tikuvomereza kuti masiku enawo ndi achabe.

Zokambirana pa gulu

Mukatha kuwerenga, mayi mlembi atenge kope. Choyamba, werengani chilungamo chake: Lamulungu lapita lopanda Misa, amayi a gulu lanu analipo angati, ndipo otsalawo anali kuti? Musatchule maina pofuna kunyazitsana, mungowerenga. Kenaka kambiranani za amayi a ku Filipi aja: nchiyani chinkawatulutsa m'nyumba pamene panalibe woti awaone? Mufunsanenso kuti pa Misa yapitayi ndani anali pa mafuwa, ndipo inali nthawi yachingati.

Musanatseke ndi pemphero, lembani maina a odwala ndi okalamba onse a m'dera lanu amene papita miyezi itatu osalandira Mgonero. Sankhani amayi awiri oti akawaone sabata ino ndi kukawawerengera mawu a Lamulungu, ndi mayi mmodzi woti akapereke mainawo kwa Abambo. Dzina la mayi ameneyo lilembedwenso m'kope, pamodzi ndi tsiku limene Abambo akuyembekezeka kufika.